Zimene filimu imakubisira: makatuni, mafilimu oopsa ndi a chinsinsi

Lowani mu vidiyo iliyonse pa msika wa Ulongué, pa Dómuè kapena ku Furancungo, muone chimene chimadzaza mabenchi. Ndi zibakera, mfuti ndi mpira. Kunyumba kumene kuli TV, madzulo ndi a novela ya ku Brazil. Mwini vidiyo akayerekeza kuika katuni, akuluakulu amanyamuka n'kumati, "Watiyesa ana?" Akaika filimu yoopsa, ena amati nzausatana. Akaika ya chinsinsi, imene wapolisi amangoyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso, mphindi khumi sizikwana wina wakuwa kale kumbuyo: "Tasintha iwe, mulibe nkhondo umu!"

Ine ndili kumbali ya mitundu itatu yonyozekayi. Filimu ya zibakera imakutafunira zonse: mwini filimu ndi uyu, mdani ndi uyo, ndipo mwini filimu safa. Katuni, filimu yoopsa ndi ya chinsinsi sizitero. Zonse zitatu zinatsamira pa luso losankha choti akuonetse ndi choti akubisire, ndipo chobisidwacho umachimaliza wekha m'mutu. Woonera akakana kugwira gawo lake la ntchitoyo, filimuyo imazizira, iye n'kumati ndi yosakoma.

Mu filimu iliyonse mulibe chinthu chimene chimayendadi. Muli zithunzi zongoima, 24 pa sekondi iliyonse, zosiyana pang'onopang'ono, ndipo diso ndi ubongo ndi zimene zimazilumikiza n'kuona munthu akuyenda. Pojambula anthu enieni, kamera imatola zithunzizo yokha. Pa katuni palibe munthu woti kamera imutole, chithunzi chilichonse chimachita kupangidwa. Filimu ya mphindi 90 imafuna zithunzi 129,600. Ojambula ambiri amaimitsa chojambula chimodzi kawiri kuti sekondi idye 12 zokha, komabe zotsalazo ndi 64,800. N'chifukwa chake Snow White and the Seven Dwarfs ya Walt Disney, imene inatuluka mu 1937, inatenga pafupifupi zaka zitatu ndi manja a anthu mazanamazana. Izo zisanachitike, mu 1926, mayi wina wa ku Germany, Lotte Reiniger, anali atatulutsa kale filimu yaitali imene anthu ake onse anawadula ndi sizasi pa makatoni akuda, n'kumawasuntha mkono pang'ono, kujambula, kusunthanso, kujambulanso. Toy Story ya mu 1995 ndiyo inali yoyamba yaitali kupangidwa yonse pa kompyuta, koma kompyuta siidziwa kuti munthu wokhumudwa amagwetsa mapewa motani. Pamakhalabe munthu amene amakweza nsidze ya chidolecho ndi kuitsitsa mpaka chisoni chioneke.

Zotsatira zake n'zakuti mu katuni mulibe changozi. Mukamajambula anthu pa msewu wa ku Tsangano, nkhuku ikhoza kudutsa kumbuyo popanda woiitana. Mu katuni nkhuku ikadutsa, ndiye kuti wina anakhala pansi masiku angapo kuipanga, ndipo anali ndi chifukwa. Woonera wochenjera amafunsa funso limenelo nthawi zonse: ichi anachiikiranji?

Taonani mphaka uja wa Tom and Jerry, amene William Hanna ndi Joseph Barbera anamuyambitsa mu 1940. Asanathamange, amayamba wabwerera m'mbuyo, mwendo m'mwamba, thupi lonse n'kudzikoka, kenako liwiro. Kubwerera m'mbuyoko kumauza diso lanu kuti likonzeke, apo ayi liwirolo simukanaliona. Akamenyedwa ndi chiwaya, nkhope imaphwatalala ngati chiwayacho, imakhala choncho kamphindi koti museke, kenako imabwerera mwakale. Nyimbo imaponda pamene phazi laponda. Mawu mulibe, kapena ndi ochepa zedi, n'chifukwa chake mwana wa ku Chifunde amene sadziwa Chingerezi ngakhale Chipwitikizi amaseka pa malo enieni amene ojambula anafuna kuti aseke, zaka zoposa 80 zapitazo.

Zoti makatuni ndi a ana okha amanena ndi amene sanaone Grave of the Fireflies, ya Isao Takahata wa ku Japan, ya mu 1988. Ndi nkhani ya mnyamata ndi mlongo wake wamng'ono mu mzinda wa Kobe mu 1945, mabomba atapha mayi awo, chakudya chikusowa tsiku ndi tsiku. Nkhope ya kamtsikanako ndi mizere yowerengeka chabe, maso awiri ndi kakamwa, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Wosewera weniweni ali ndi nkhope yakeyake, mumadziwa kuti ndi mwana wa eni, akamaliza apita kukadya. Nkhope yojambula ili ndi malo otsala, ndipo woonera amaikapo ya mng'ono wake kapena ya mwana wake osadziwa n'komwe. Munthu amene anaonapo chaka cha njala saimaliza filimu imeneyi maso ali ouma.

Kuno kwathu ntchitoyi ikumera. Supa Team 4, imene inatuluka pa Netflix mu 2023, anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo atsikana ake anayi amakhala mu Lusaka. Chimene chimandiwawa n'chakuti Kalulu ndi Fisi athu adakali kudikira. Fisi weniweni simungamuuze kuti apusitse mkazi wa mfumu kamera ikuona. Njira yokhayo imene nthano zathu zingalowere mu kanema osataya nzeru zake ndi katuni yomweyi imene tikuinyozayi.

Filimu yoopsa imagwira thupi isanagwire maganizo. Mtima umagunda, manja amatuluka thukuta, tsitsi nyaunyau, chonsecho ukudziwa kuti wakhala pa benchi ndipo mnzako ali pambali akukukuta chimanga. Kukoma kwake ndi komweko, kulawa mantha uli pabwino. Koma mantha a mu filimu alipo awiri, ndipo amasiyana mtengo. Oyamba ndi odzidzimutsa: kuli zii, mwadzidzidzi chinkhope balamanthu, chiphokoso pamwamba. Amenewo aliyense angawapange, ngakhale mwana wobisala kuseri kwa chitseko. Achiwiri ndi okwawa, amene amalowa pang'onopang'ono n'kukuperekeza mpaka kunyumba.

Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu oopsa, anafotokozera François Truffaut, wopanga mafilimu wa ku France, kusiyana kumeneku mu 1962 ndi chitsanzo cha bomba. Anthu awiri akucheza pa tebulo, bomba n'kuphulika pansi pake: oonera adzidzimuka kwa masekondi 15, basi. Koma muwaonetse bombalo poyamba, adziwe nthawi imene liphulike, wotchi ili pakhoma, anthu awiri aja akungocheza zopanda pake. Pamenepo oonera avutika mphindi 15 zathunthu, akufuna kukuwa kuti thawani. Bomba ndi lomwelo. Chasintha ndi chimene woonera akudziwa, chimene anthu a mu filimu sakuchidziwa.

Mbali inayo ndi kubisa chilombocho. Pojambula Jaws ya mu 1975, shaki (chinsomba cholusa cha m'nyanja) ya makina imene wopanga filimuyo, Steven Spielberg, anakonzetsa inkangofa ikalowa m'madzi amchere. Anakakamizika kujambula popanda iyo: miyendo ya osambira ikuoneka kuchokera pansi pa madzi, migolo yachikasu ikukokedwa pamwamba ndi chinthu chosaoneka, ndi kanyimbo ka John Williams ka mawu awiri okha obwerezabwereza, kofulumira pamene chinthucho chikuyandikira. Shaki ya m'mutu mwa oonera inaposa ya makina ija kuopsa. Mu Psycho ya Hitchcock yemweyo, ya mu 1960, malo otchuka a mayi wophedwa akusamba satha ngakhale mphindi imodzi pa kupha kwenikweniko, koma anawajambula pafupifupi sabata. Chilonda sachionetsa. Mumaona mpeni m'mwamba, kamwa yokuwa, madzi, dzanja likugwira nsalu, zidutswazidutswa, zeze wa Bernard Herrmann akulira ngati akuchekedwa. Magazi aja anali chokoleti chamadzi, poti filimuyo inalibe mitundu. Anthu ankatuluka akulumbira kuti aona munthu akubayidwa, pamene anamubaya ndi iwo eni m'mutu mwawo.

Mukafuna kugwira luso limeneli ndi manja, tsekani mawu pa malo amene akuopsani kwambiri, muwaonenso. Theka la mantha lithawa. Kenako yang'anani mmene kamera yamuikira munthuyo. Ngati ali pakona ya chithunzi, kumbuyo kwake kwatsala malo aakulu amdima kapena chitseko chotsegula pang'ono, dziwani kuti malowo asiyira inu kuti muikemo chimene mumaopa.

Mafilimu a ku Nigeria amene anatidzaza kuyambira zaka za m'ma 2000 amaphunzitsa phunziro lomweli mosadziwa. Moto ukatuluka m'maso mwa mfiti n'kuuluka ngati mpira, holo yonse imafa ndi phwete. Living in Bondage ya mu 1992, imene ambiri amati ndiyo inatsegula msika wa mafilimu a kumeneko, inagwira anthu pena: mwamuna wapereka mkazi wake ku gulu la okhwima kuti alemere, ndipo mzimu wa mkaziyo sukumusiya. Choopsa mmenemo ndi munthu amene ukudya naye mbale imodzi, iye akudziwa kale kuti wakugulitsa. Mantha amenewo tili nawo kale m'midzi, sasowa moto wa pa kompyuta.

Filimu yoopsa yabwino imanena chinthu chimene anthu amalephera kuchitchula masana. His House ya Remi Weekes, ya mu 2020, ndi ya banja lothawa nkhondo ku South Sudan, limene lawoloka nyanja n'kupatsidwa nyumba yakutha ku England. Usiku m'makoma mumamveka mawu. Chimene chawalondola si chiwanda wamba, ndi ngongole ya zimene anachita kuti apulumuke pamene anzawo anatsala. Ife a chigawo chino tisamayese kuti nkhaniyo ndi ya kutali. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya mu Mozambique imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera ku Tete konkuno, ena anangodumpha msewu kulowa Dedza ndi Ntcheu. Alipo makolo amene mpaka lero safotokoza zimene anaona m'njira. Filimu ngati imeneyi imawalankhulira.

Amene amati mafilimuwa ndi ausatana sindiwaseka, ngakhale sindigwirizana nawo. Magazi ndi utoto, chilombo ndi munthu wovala mphira amene akaweruka amakwera basi. Koma pali zinthu ziwiri zimene amadandaula zoona. China ndi ana: mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sadziwa kusiyanitsa utoto ndi magazi, ndipo mwini vidiyo amene amalandira kandalama kake n'kumukhazika kutsogolo akulakwa. China ndi mafilimu amene nkhalamba iliyonse yosauka, yokhala yokha, imapezeka kuti ndi mfiti. M'dera limene agogo amamenyedwa ndi kuthamangitsidwa pa mudzi chifukwa cha mphekesera, filimu yotero imathira mafuta pa moto. Palinso ena ongokhalira kudula anthu ziwalo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amenewo amachititsa nseru, ndipo nseru si mantha.

Filimu ya chinsinsi ndi ndagi. Woponya akati "Ndagi!" inu n'kuti "Gize!", pamakhala pangano: yankho lili m'mawu omwewo amene wanena, ndipo akakuululirani muyenera kudzimenya pachipumi kuti zinali pomwepa. Akaulula chinthu chimene sichikugwirizana ndi mawu ake, wabera, ndipo ana amamukuwiza. Ronald Knox, wansembe wa Katolika wa ku England amene ankalembanso nkhani zotere, analemba malamulo khumi mu 1929. Atatu mwa iwo ndi amene woonera ayenera kusunga: wolakwa akhale munthu amene watchulidwa koyambirira, yankho lisakhale la mizimu, ndipo wofufuza asabise umboni umene waupeza. Mukaona filimu imene wakupha akutulukira mphindi zisanu zomaliza, munthu amene simunamuonepo, musadzione opusa. Wolephera ndi wolembayo.

Vuto la kamera ndi lakuti siidziwa kunong'ona. Buku lingatchule mpeni pakati pa zinthu khumi, wowerenga osaulabadira. Kamera ikayandikira mpeni, holo yonse yadziwa. Choncho wopanga filimu amabisa umboni poyera, pamene maso anu atanganidwa kwina. Tiyerekeze kuti wogulitsa mbatata ya kachewere wapezeka atafa m'sitolo mwake. Wapolisi akufunsa mlonda, mlonda akulumbira kuti usiku wonse anali panja akuzungulira, mvula ikumukhuthukira. Nthawi yomweyo mkazi wa malemu akulimbana ndi mlamu wake za makiyi, mawu ali m'mwamba, ndipo nonse mukuyang'ana iwo. Kumbuyo kwa mlonda, pa msomali, pali jekete lake, louma gwa. Mwalionetsedwa masekondi anayi. Ola likatha wapolisi adzalitchula, ndipo simungadandaule kuti anakubisirani. Mlamu waukali uja anamuika dala kuti mumukayikire. Nthawi zambiri amene filimu ikumuloza ndi chala koyambirira ndi wosalakwa, ngakhale opanga ena ochenjera amadziwa kuti mukudziwa zimenezo, n'kukutcherani pomwepo.

Ena amatembenuza dongosolo lonse. Mu Columbo, ya pa TV ya zaka za m'ma 1970, wakupha mumamuona akupha koyambirira penipeni. Chotsala ndi kuona mmene Peter Falk, amene amasewera ngati wapolisi Columbo, ndi chijasi chake chamakwinya ndi mafunso ooneka opusa, amukolere. Ndi bomba la Hitchcock lija: mukudziwa chimene wina sakudziwa. Mafilimu otere amaonetsa kuti dzina la wolakwa si ndilo fupa la nkhani. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo filimu ya chinsinsi yokhwima imalondola dzayelo: ngongole, malo, chuma cha masiye, manyazi a m'banja.

Lamulo la Knox loletsa mizimu ndi limene limavuta kuno. O Último Voo do Flamingo, filimu ya João Ribeiro ya mu 2010 yochokera m'buku la Mia Couto, imalithyola mwadala. Nkhondo yatha, asilikali a United Nations ali m'tauni yopeka ya Tizangara, ndipo akuphulika mmodzimmodzi popanda wodziwa chifukwa. Kukubwera wofufuza wa ku Italy kuti alembe lipoti. Aliyense amene akumufunsa akumuyankha zoona monga akuzidziwira, koma mayankhowo sakukwana m'mapepala ake. Pamenepa mizimu siinabwere kudzatseka nkhani. Yabwera kudzaonetsa kuti mlendoyo akufunsa mafunso olakwika m'dziko limene sakulimva. Izi n'zosiyana kutalitali ndi filimu yaulesi imene wolemba akasowa potulukira amangoti unali ufiti. Wofufuza wa nkhani ya ku Angónia ayenera kudziwa zimene anthu amakhulupirira, chifukwa wakupha wochenjera amabisala kuseri kwa chikhulupiriro chomwecho. Ngakhale Scooby-Doo, katuni ya mu 1969 imene inaphatikiza mitundu itatu yonseyi, inkadziwa zimenezo: mzukwa akauvula chigoba, mkati mumapezeka munthu wofuna kuthamangitsa anzake pa malo kapena pa chuma.

Tsono pali nkhani ya mmene tikuonera masiku ano, imene ikupweteka mitundu itatuyi kuposa ina yonse. Dziko litalandira ufulu mu 1975, Instituto Nacional de Cinema, nthambi ya boma yoona za mafilimu, inkatumiza magalimoto m'midzi kukaonetsa Kuxa Kanema, filimu ya nkhani za m'dziko, ndi mafilimu ena: chinsalu chachikulu, mdima, khamu la anthu maso onse malo amodzi. Lero filimu imabwera pa memori khadi kapena pa WhatsApp, itafinyidwa kuti ichepe, n'kuonedwa pa foni masana dzuwa lili phwee. Filimu ikafinyidwa, malo amdima ndi amene amayamba kuonongeka, amasanduka timabokosi totuwa. Chitseko chotsegula pang'ono chija chasowa. Jekete louma lija lachepa kuposa njere ya nyemba. Kasipika ka foni sikatulutsa mawu akuya amene amanjenjemeretsa pamimba. Munthu n'kumati filimuyo inali yozizira, pamene waona theka lake. Ngati foni ndi imene muli nayo, dikirani kude, valani mahedifoni, ndipo ya chinsinsi muione kawiri. Ulendo wachiwiri ndi umene mumaona manja a wopanga, pamene anakutembenuzirani maso ndi chimene chinali kumbuyo.

Omasulira mafilimu m'Chichewa, amene ntchito zawo zimatipeza kudzera pa Calómuè, pa Zóbuè ndi m'misika ya m'malire, ndimawapatsa ulemu. Atsegulira agogo ndi ana khomo limene Chingerezi ndi Chipwitikizi zinatseka, ndipo pa filimu ya zibakera nthabwala zawo nthawi zina zimaposa filimuyo. Koma luso lomwelo lolankhula osapuma limapha filimu yoopsa. Mayi akuyenda m'khonde lamdima, opanga anachotsa nyimbo dala kuti mumve kupuma kwake, womasulira ali pakamwa mbwembwembwe, mpaka kuchenjeza kuti "chikubweratu kumanzereko!" Pa ya chinsinsi ndiye zimafika poipa, chifukwa iye anaionera kale, ndipo mlonda akangotulukira amamutcha "chigawenga chathu chija" filimu isanafike n'komwe pakati. Ndikupemphani achimwene omasulira: anthu a mu filimu akakhala chete, inunso khalani chete, ndipo mlondayo muzimutchula kuti mlonda mpaka wapolisi atafika pa jekete.